Mmene mungakonzekeretsere ana dibeti pa sekondale, olo sukulu yanu ikhale CDSS yopanda laibulale

Sabata yatha mphunzitsi mnzanga wa ku Ntcheu anandiimbira foni usiku ali ndi nkhawa, akuti a hedi amusenzetsa kalabu ya dibeti poti ndi iyeyo amaphunzitsa Chingerezi, kalata yoitanira ku mpikisano yafika kale, kwatsala masabata atatu, nde ayambire pati. Ndinamutumizira ma voice note pa WhatsApp mpaka bandulo inatha, kenako ndinaona kuti bola ndingolemba zonse malo amodzi zithandizenso ena. Ineyo ndakhala patironi wa dibeti pa CDSS ina kuno ku Dedza kwa zaka ndithu, sukulu yoti laibulale yake ndi kabati imodzi mu ofesi ya a depyute, ndipo zomwe ndalemba apazi ndi zomwe timachitadi ndi ana athu Lachitatu lililonse masana.

Ndiyambe ndi chomwe chimandipweteka mtima. Ana athu akangomva kuti tikukakumana ndi Dedza Government, ija timangoti Box 48, kapena Mtendere, amagonja ali pakhomo pomwe, amati Sir amene aja ndi a boding, Chingerezi amadya nacho nsima. Zoona Chingerezi amachitha ndipo amalimbikira, ulemu wawo apatsidwe. Koma jaji wodziwa ntchito samangomvera kukoma kwa lilime, amafuna mfundo, amafuna aone ngati wamva zomwe mnzako wanena n'kumuyankha, ndipo zimenezo mwana wa ku Mayani kapena ku Tsangano angazithe bwinobwino mukamuonetsa njira yake.

Choyamba, funsani malamulo a mpikisanowo

Musanasankhe olo mwana mmodzi, imbirani amene akonza mpikisanowo muwafunse kuti dibeti yake ndi ya mtundu wanji. Mtundu womwe masekondale ambiri padziko amatsata ndi uja amati World Schools. Timu imakhala ya anthu atatu, aliyense amalankhula mphindi 8, kumapeto kumakhala mawu omangira a mphindi 4 omwe amanena sipika woyamba kapena wachiwiri, wachitatu saloledwa, ndipo pomangirapo amayamba ndi otsutsa, ovomereza n'kutsekera. Malikisi amagawa chonchi, 40 pa mfundo, 40 pa kalankhulidwe, 20 pa nzeru zoyendetsera mtsutso, kutanthauza kudziwa chofunika kuyankha n'chiti komanso nthawi waigawa bwanji. Palinso British Parliamentary yomwe imakonda kuchitika ku mayunivesite, matimu anayi a anthu awiriawiri, mphindi 7 aliyense, moshoni, kutanthauza mutu woti mutsutsane, amakuuzani kutatsala mphindi 15 zokha.

Koma kwathu kuno, kaya ndi za pa kilasita kaya za divishoni yathu ya Central West, okonza amatha kusintha, nthawi amaidula, ena salola mafunso apakati. Nde funsani mphindi zingati, anthu angati, moshoni ibweratu kapena tikaipeza konko, mbali tiidziwiratu kapena akaponya kobiri, mapepala amaloledwa kutsogolo kapena ayi. Chaka china ine sindinafunse, tinakonzekera mphindi 8, titafika akuti ndi 4, tayimukipa anagogoda desiki ndi dasitala mwana wanga asanayambe n'komwe poyinti yachiwiri, anabwerera pampando misozi ili m'maso ndipo wolakwa ndinali ineyo.

Kusankha ana

Musangotenga amene amakhala nambala wani m'kalasi kapena uja anachita pulayimale ya pulayiveti ku Lilongwe. Lengezani pa asembule kuti aliyense wofuna abwere. Akabwera apatseni kankhani kophweka m'Chichewa momwemo, monga yunifolomu ithetsedwe kapena ayi, mmodzi alankhule mphindi imodzi, kenako wotsutsa asanayambe kutsutsa abwereze kaye zomwe mnzake wanena, mwini wakeyo avomere kuti eya ndimatanthauza zimenezo. Mudzadabwa, ana ambiri olongolola amalephera pamenepa chifukwa mnzawo akamalankhula iwo amangodikira nthawi yawo. Amene wakwanitsa kubwereza molondola, mulembeni dzina.

Ndi mmene ndinapezera mtsikana wina wa Fomu 1 amene ankakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi windo losweka, temu yonse sanakwezepo mkono m'kalasi langa. Tsikulo anangoperekeza mnzake, nditamuloza anaimirira atagwira siketi ndi manja onse awiri, anabwereza mapoyinti atatu a mnyamata wa Fomu 3 mwandondomeko yake, kenako motsitsa mawu anati koma Sir, wachitatuwo ukutsutsana ndi woyamba uja. Kalasi lonse linati zii. Patatha chaka anali sipika wathu wachitatu.

Tengani ana 6 kapena 8 kuti mukhale ndi matimu awiri omenyana okhaokha, komanso wina akadwala malungo dzulo lake musasowe mtengo wogwira. Msana wa kalabu ukhale Fomu 1 ndi Fomu 3, chifukwa a Fomu 2 ali ndi JCE, a Fomu 4 ali ndi MSCE, temu yachitatu ikafika simuwaonanso. Ndipo atsikana akhalepo, osati mmodzi wongokometsera ayi.

Iswani moshoni m'Chichewa kaye

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndikudziwa kuti aphunzitsi anzanga ena a Chingerezi sagwirizana nane, amati kalabu ya dibeti vernacular ayi. Ine ndimati masiku awiri oyamba Chingerezi chidikire panja. Mwana sangaganize mozama m'chilankhulo chomwe akuopa kulakwitsa, maganizo ake onse amathera pa tensi, mfundo n'kusowa.

Tiyerekeze moshoni ikuti boma liletse kotheratu kugulitsa makala. Ilembeni pa bolodi, muyambe ndi mawu amodziamodzi. Kuletsa kotheratu n'kutani? Apa ana ayenera kudziwa mmene zinthu zilili panopa, kuti lamulo la zankhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, silinathetseretu makala, limafuna kuti wootcha akhale ndi laisensi, nde moshoniyi ikupempha chinthu choposa chomwe chilipo kale. Timu yosadziwa zimenezi imatha mphindi zake zonse kulimbikitsa lamulo loti liripo kale, otsutsa n'kungoimirira kuwakumbutsa, basi yagwa.

Kenako funsani kuti nkhaniyi ikukhudza ndani, ana atchule okha inu muzingolemba. Atchula bambo wootcha makala m'mphepete mwa Dzalanyama, atchula wa njinga uja amakankha matumba atatu anayi m'bandakucha kulowera ku tauni, mayi wa ku Kawale yemwe magetsi akazima amadalira mbaula, alonda a nkhalango, mlimi wa mbatatesi amene munda wake ukukokoloka poti phiri lameteka. Wina wochenjera akumbukira za Geography kuti mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama komweko n'kukadzaza Kamuzu Dam komwe anthu a mumzinda amamwa, nde wootcha makala ndi womwa madzi a pa mpope ku Area 25 amangidwa chingwe chimodzi. Pa munthu aliyense mwalembayo funsani kuti lamuloli likabwera moyo wake usintha bwanji, apindula kapena alira.

Tsiku lomwe tinachita zimenezi, mnyamata wina amene sankalankhulalankhula anakweza mkono n'kuti, Sir, bambo anga amaotcha, akaleka fizi yanga ya temu ino ichokera kuti? Anzake ena anayamba kuseka, ndinawaletsa, ndinamuuza apitirize. Anafotokoza kuti chimanga chimatha mu Novembala, ganyu amasowa, thumba la feteleza silikugwirika, makala ndi okhawo amabweretsa ndalama pamanja sabata yomweyo, ndipo bambo akewo sakondwa nayo ntchitoyo, amabwera akutsokomola maso ali psuu. Imeneyo inadzakhala poyinti yamphamvu kwambiri ya mbali yotsutsa, yoti kuletsa popanda kupatsa anthu njira ina sikuthetsa makala koma kumangowasamutsira usiku n'kukweza mtengo. Tikanayamba m'Chingerezi mwana ameneyu sakanatsegula pakamwa.

Konzekerani mbali zonse ziwiri olo mutadziwa kale yanu. Amene wakhalapo mbali inayo amadziwa komwe nkhonya ichokere.

Umboni muupeza kuti

Anthu amati ife tilibe intaneti tilibe mabuku. Zilipo zambiri zoti mungagwire. Nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times, pemphani ku maofesi pa boma kapena kwa a hedi akamaliza kuwerenga, ana azidula nkhani n'kumata mu hadikava imodzi ya kalabu, mutu uliwonse tsamba lake, zamaphunziro, zaulimi, zachilengedwe, za atsikana. Apatseni ntchito yomvera nkhani pa Zodiak kapena MBC madzulo, m'mawa aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chomwe wamva. Mabuku awo omwe a Social Studies, Geography ndi Agriculture ali ndi zambiri zomwe amangoloweza za mayeso osadziwa kuti ndi zida. Pa nkhani ngati ya makalayi, ife a ku Dedza tili ndi mwayi, koleji ya zankhalango, Malawi College of Forestry and Wildlife, ili ku Chongoni konkuno, komanso alangizi a zankhalango ndi a zaulimi amapezeka m'madera mwathu, kuwapempha mwaulemu kuti adzacheze ndi ana theka la ola sakana kawirikawiri. Ndipo agogo kunyumba, afunseni kuti phiri lija linkaoneka bwanji iwo ali ana, mtsinje uja unkaphwa mwezi wanji.

Pali zinthu zina zoti mwana wa dibeti aliyense azingokhala nazo m'thumba chifukwa mamoshoni a kuno amazungulira pomwepo. Pulayimale yaulere inayamba 1994. Ndondomeko yolola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera kusukulu akabereka inayamba 1993. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nazo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Sabuside ya feteleza ya FISP inayamba 2005, AIP n'kudzalowa m'malo mwake 2020. Moshoni ikakhala ya maukwati a ana, chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a kuno ku Dedza anadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana n'kuwabweza kusukulu, mwana wa kuno asamavutike kufuna chitsanzo cha ku America pomwe cha kwawo n'chomwe anthu akunja amabwera kudzaphunzira.

Lamulo langa limodzi lomwe sindisekerera: nambala yopeka ayi. Ana amakonda kunena kuti research shows that 80 percent, ukafunsa research yake iti, ndani anachita, amangoyang'ana pansi. Ngati sukudziwa komwe nambala yachokera isiye, nena zomwe unaona ndi maso ako. Jaji akakugwira bodza limodzi, zoona zako zonse amazikayikira, komanso ife tikulera anthu oti mawa adzakhala manesi, maloya, makhansala, tisawazoloweze kunama molimba mtima.

Kumanga poyinti ndi kugawana ntchito

Ana anga ndimawauza za mafuwa. Mphika sukhala pa fuwa limodzi, amafunika atatu. Fuwa loyamba, ukuti chiyani. Lachiwiri, chifukwa chiyani zili choncho, zimachitika bwanji. Lachitatu, unaziona kuti, chitsanzo chake. Ukatero tereka mphika, kutanthauza uza jaji kuti nde chifukwa cha ichi moshoniyi ipambane kapena igwe. Ambiri amanena loyamba n'kudumphira lachitatu, kudula mitengo n'koipa, mwachitsanzo Dzalanyama, basi akhala pansi. Lapakatilo ndi lomwe lili ndi malikisi: mitengo ikatha mvula imagwa pa dothi lopanda chophimba, madzi m'malo molowa pansi amathamanga atanyamula dothi, dothilo limakakwirira damu, chilimwe mtsinje umaphwa msanga poti pansi sipanasunge kanthu. Mwana akalongosola chonchi sitepe ndi sitepe, olo Chingerezi chikhale chophweka, jaji amalemba.

Timu yonse ikhale ndi mapoyinti atatu, akachuluka anayi. Khumi ayi. Sipika woyamba amasulire moshoni, anene zomwe timu ikuimira, atchule kuti ine ndinena izi mnzanga adzanena izo, kenako amange mapoyinti awiri. Wachiwiri ayambe ndi kuyankha zomwe anena a mbali inayo, akonze zomwe zagumulidwa, kenako poyinti yake imodzi. Wachitatu ntchito yake ndi kuyankha, asabwere ndi poyinti yatsopano, makamaka wa mbali yotsutsa chifukwa anzakewo alibenso mpata woiyankha ndipo majaji amadula malikisi. Iyeyu asankhe nkhani ziwiri zitatu zomwe dibeti yonse yakanganirana n'kuonetsa kuti pa iliyonse timu yake ndi yomwe yaima. Nde pa wachitatu ikani mwana womvetsera uja, pa woyamba ikani wodekha wa dongosolo.

Tsopano lowani m'Chingerezi

Mfundo zikakhazikika m'mutu, pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, muziwoloka. Mwana anene poyinti yake m'Chichewa, kenako ainene m'Chingerezi chomwe ali nacho, ziganizo zifupizifupi, inu muzingomupatsa liwu pomwe wasowa. Musamulembere sipichi. Ndibwereze, musamulembere sipichi aphunzitsi anzanga, ndikudziwa mtima umafuna kuthandiza.

Ndinaziona pa mpikisano wina, mnyamata wa sukulu ina yomwe sinditchula anaimirira ndi sipichi yoloweza, mawu akuluakulu a mu dikishonale, holo yonse kuwomba m'manja, ana anga kuyang'anana mwamantha. Pa mphindi yachitatu mtsikana wathu uja anaimirira n'kufunsa kafunso kakafupi, kuti anthu amene mukuwaletsawo aziphikira chiyani mawa m'mawa. Mnyamata anaima, anayang'ana kudenga, anabwereza chiganizo chomwe anali atanena kale, ulusi unamuthawa, anayambiranso ndime yonse pachiyambi. Ndinamumvera chisoni kwambiri chifukwa anali mwana wanzeru, anangopatsidwa katundu wa munthu wina kuti asenze. Chikomekome cha mkuyu chija.

M'malo mwa sipichi, dulani makhadi pa katoni ya sopo kapena ya shuga, aakulu ngati chikhatho, khadi limodzi poyinti imodzi, mawu asapitirire khumi, chaka kapena nambala yofunika ilembedwe pakona. Mwana ayeserere poyinti yomweyo kasanu, ulendo uliwonse ituluke mosiyanako pang'ono, mukamva ikutuluka chimodzimodzi liwu ndi liwu dziwani kuti waloweza, musokonezeni ndi funso.

Malonje aja adulidwe. Ana athu amatha mphindi yathunthu ndi Mr Chairman, honourable judges, accurate timekeeper, my fellow debaters, mpaka alonda a pageti. Ulemu ndi wabwino koma chiganizo chimodzi chakwana, nthawi yotsalayo ndi ya mfundo. Za L ndi R, inde ife a Chichewa timazisakaniza poti m'chilankhulo chathu sizisintha tanthauzo, nde sankhani mawu okhawo ali pa makhadi omwe angasokoneze jaji, monga right ndi light, muyeserere amenewo basi, ndipo wina asaseke mnzake, woseka ndimamutulutsa tsiku limenelo.

Kumvetsera ndi kuyankha

Amene munakhalapo pa bwalo la milandu kwa amfumu mukudziwa kuti wopambana si amene wakuwa kwambiri. Ndi mkulu uja amakhala chete mutu uli pansi, nthawi yake ikakwana n'kuti, mwanena kuti mbuzi inalowa m'munda Lachiwiri, koma poyamba paja munati Lachiwiri munali ku maliro ku Golomoti, nanga munaiona bwanji. Dibeti ndi yomweyo. Ana ambiri anaonapo zimenezi kumudzi, akumbutseni.

Aliyense pa tebulo akhale ndi pepala lolemba mzere pakati, kumanzere zomwe akunena a mbali inayo, kumanja yankho lathu. Amene sakulemba mnzake akamalankhula sali mu dibeti. Poyankha atsate kanjira aka: anena kuti chakuti, ife tikuti ayi, chifukwa chakuti, choncho poyinti yawo yagwa. Ndipo aphunzitseni kulimbana ndi poyinti yamphamvu ya anzawo, osati kuthamangira pomwe wina walakwitsa galamala kapena watchula chaka molakwika pang'ono. Nthawi zina yankho labwino ndi kuvomera, zoona nkhalango ikutha sitikukana, koma njira yanuyi siipulumutsa, imeneyo imaonetsa kukhwima kuposa kukana chilichonse.

Mafunso apakati aja amati POI, mu World Schools amaloledwa ikatha mphindi yoyamba mpaka isanayambe yomaliza, wofunsa amaimirira, wolankhula ali ndi ufulu kulola kapena kukana mwaulemu, ndipo funso lisapitirire masekondi 15. Mwana alole limodzi kapena awiri. Akakana onse amaoneka wamantha, akalola onse sipichi yake imasanduka ya eni ake. Amalize kaye chiganizo chake asanalole. Poyeserera ife timachita chonchi, mmodzi amaima kutsogolo ndi poyinti imodzi, anzake onse asanu amamuponyera mafunso motsatizana kwa mphindi zitatu, iye ayankhe lililonse ndi ziganizo ziwiri n'kubwerera pa mfundo yake. Sabata yoyamba amatuluka thukuta olo kukhale kozizira kwa Juni, sabata yachitatu amayamba kuwakonda mafunsowo.

Chipongwe ayi. Kunena kuti my opponent is confused, kuseka mnzako akakakamira, kuloza chala kumaso, zonsezo zimadyetsa malikisi ndipo si khalidwe.

Mawu ndi kaimidwe

Apa sipafuna zambiri. Atengereni ku galaundi, mwana aime pa golo inu muime pakati, alankhule mpaka mumve popanda iye kukuwa. Mapazi onse pansi, manja atuluke m'thumba, maso kwa majaji osati kwa otsutsa. Ana athu analeredwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, makamaka atsikana, nde auzeni poyera kuti muno mokha ndi mololedwa, akavutika ayang'ane pamphumi. Ajambuleni pa foni adzionere okha, mwana akadziona akugwedezeka ngati bango amasiya yekha. Sitopuwotchi ya pa foni igwire ntchito tsiku lililonse kuti thupi lizolowere kutalika kwa mphindi zake.

Masabata atatu aja, mnzanga wa ku Ntcheu, agawe chonchi: yoyamba kusankha ana, kuswa moshoni ndi kusaka umboni, yachiwiri makhadi ndi Chingerezi, yachitatu dibeti yathunthu katatu, matimu akusinthana mbali, kamodzi pamaso pa sukulu yonse kuti alawe phokoso la anthu. Pemphani mphunzitsi wa Maths kapena wa Bayo akhale jaji, amene sanamve nawo zokonzekera, akakuuzani kuti sanamvetse poyinti yachiwiri khulupirirani iyeyo.

Tsiku la ulendo

Makalata kwa makolo apite kutatsala sabata yathunthu, olembedwa m'Chichewa, onena komwe mukupita, nthawi yonyamuka ndi yobwera, ndi nambala yanu. Ngati muli ndi atsikana pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa mother group, makolo ambiri amakaniza ana awo chifukwa cha ichi ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Za thiransipoti kambiranani ndi a hedi ndi a PTA msanga, osati dzulo lake. Nyamukani m'mamawa kuposa mmene mukuganizira, minibasi ya pa M1 imatha kuima pa Lizulu kapena pa Bembeke kudikira anthu mpaka mtima kuwawa, komanso nyengo yozizira chifunga cha kuno chimachedwetsa magalimoto. Ana avale majuzi, adye kanthu asananyamuke olo mbatata ndi tiyi, mwana wanjala mawu amanjenjemera. Tengani mabolopeni owonjezera, mapepala, madzi akumwa, ndi hadikava ija.

Mukapatsidwa moshoni ya pompopompo, mu World Schools amapereka ola limodzi ndipo patironi saloledwa kulowa, nde ana akhale atazolowera kudziyendetsa okha. Ife timagawa chonchi, mphindi 10 aliyense payekha chete akulemba, 15 kuuzana ndi kusankha mapoyinti atatu, 20 aliyense kumanga mafuwa ake, zotsalazo kuganiza zomwe anene a mbali inayo. Akambirane m'Chichewa ngati akufuna, palibe amene amapereka malikisi m'chipinda chokonzekera.

Musanalowe muholo musawapatsenso mfundo zatsopano. Ine ndimangowagwira paphewa mmodzimmodzi n'kumuuza chinthu chimodzi chomwe amachita bwino.

Mukabwerako

Kaya mwawina kaya mwaluza, zotsatira zikalengezedwa pitani ndi ana kwa majaji mukafunse mwaulemu kuti tikonze pati, mwana mmodzi alembe zonse mu hadikava. Nthawi zina mudzaona ngati mwaberedwa, zimachitika, jaji wina amakopeka ndi Chingerezi chokoma, koma musakangane pamaso pa ana ndipo mu minibasi musawauze kuti atibera, chifukwa akangogwira mawu amenewo sakonzanso kalikonse. Dandaulo lipite kwa okonza mwakachetechete, polemba.

Lolemba a hedi awaimike pa asembule awatchule mayina, olo atabwera opanda chikho. Ndipo muziyang'ana makope awo temu imeneyo. Satifiketi ya MSCE munthu sapata ngati walephera Chingerezi, ndipo ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi chomwecho, nde kwa ana a CDSS phunziro limeneli ndi lomwe limatseka zitseko zambiri. Zomwe ndaona ine n'zakuti mwana wa dibeti akafika pa kompozishoni sakhalanso akuluma bolopeni, amadziwa kuyala mfundo, chifukwa, chitsanzo, ndipo mafunso ofotokoza a History ndi Social amawayankha mwadongosolo lomwelo. Makolo ena amadandaula kuti kalabu ikudya nthawi yowerenga, aitaneni adzaonere dibeti ya pasukulu ija. Bambo wootcha makala uja anabwera, anakhala kumbuyo chipewa chili m'manja, Chingerezi sankachimva koma anaona mwana wake ataima kutsogolo aphunzitsi akumumvetsera, pomaliza anadzandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti aphunzitsi, Lachitatu ndizimusiya asapite kudimba.

Lachitatu lotsatira musapume. Tengani moshoni yomwe munakachita ija muipereke kwa a Fomu 1 amene sanapite nawo, aiswe m'Chichewa kuyambira pachiyambi, ndipo atatu anapita aja akhale majaji, mmodzi agwire sitopuwotchi ndi dasitala.